Magazi a mu Kompyuta Yanga

Kompyuta yoyamba imene ndinakhala nayo inali yotola. Mchimwene wanga ankagwira ntchito mu ofesi ina ku Limbe, ndipo abwana ake atagula zatsopano, iye anapempha imodzi mwa zakalezo n'kundibweretsera ku Thyolo pa minibasi, ataikulunga m'bulangete ngati wodwala. Inabadwa yoyera, koma pofika kwa ine n'kuti itachita chikasu. Ukaiyatsa inkayamba yabuula kaye, moti unkatha kukatereka madzi a tiyi n'kubwerako isanatsegule maso.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa bayoloje pa sekondale ina yoyendera, pakati pa minda ya tiyi, kufupi ndi Luchenza. Kwathu ndi ku Dowa. Ndinali mbeta, wobwera, ndipo ndinkakhala ndekha m'nyumba yakumapeto pa mzere wa nyumba za aphunzitsi. Magetsi anali m'nyumba ziwiri zokha, yanga ndi ya ahedi, chifukwa mawaya opita ku fakitale ya esiteti ankadutsa pamwamba pathu. M'makalasi munalibe ngakhale babu limodzi.

Poyamba kompyutayo ndinkangolemberapo mayeso. Kenako mnzanga wa ku koleji, amene anapita kunja kukawonjezera maphunziro, ananditumizira sidi. Munali pulogalamu yaing'ono yoonera mapuloteni. Mapuloteni ndi tinthu timene timagwira ntchito za m'thupi, tating'ono zedi moti ngakhale maikulosikopu ya kuchipatala singationetse. Akatswiri anapeza njira yoyezera pamene atomu iliyonse yakhala m'tinthu timeneti, n'kulemba manambala ake. Pulogalamuyo imawerenga manambalawo n'kumanga chinthucho pa sikirini. Ukagwira mausi n'kukoka, chinthucho chimatembenuka, iwe n'kuona kumbuyo kwake, pansi pake, m'mbali mwake. Ukalemba mawu ena chimasanduka timawaya, ukalemba ena chimakhala maliboni opotanapotana, ena timipira tothinana. Unkathanso kuchidula pakati n'kusuzumira m'kati.

Tsiku limene ndinatsegula himogulobini ndinaiwala kudya. Imeneyi ndi puloteni imene imafiiritsa magazi ndi kunyamula mpweya kuchoka m'mapapo kupita m'thupi lonse. Ndinali nditaiphunzitsa zaka ndithu, ndikujambula kabwalo pa bolodi n'kulembamo zilembo ziwiri, ngati kuti ndinaionapo. Tsopano inali pamaso panga: zingwe zinayi zopindikapindika, zogwirana, chilichonse chitafumbata kambale kophwatalala, ndipo pakati pa kambale kalikonse pali kachitsulo kamodzi kamene mpweya umagwirapo. Ndinaitembenuza mpaka dzanja linatopa. Ndinakondwa kwambiri, komanso ndinachita manyazi ndi kabwalo kanga ka pa bolodi.

Ine ndikaona chinthu chabwino sindidziwa kusunga. Ndinayamba kuitana ana a Fomu 3 kunyumba Loweruka lililonse, m'timagulu, poti pabalaza panga panali pochepa. Pulogalamuyo inkapatsa chingwe chilichonse mtundu wake, china chabuluu, china chobiriwira, china chachikasu. Ine sizinandisangalatse. Magazi abuluu anawaona ndani? Ndinalemba mawu oti chonse chikhale chofiira, n'kusunga choncho kuti izitseguka ili yofiira kale. Ndipo gulu lililonse ndinkaliuza mawu omwewo, chala chili pa sikirini: “Ichi mukuchionachi chili m'magazi mwanu. Mwa iwe, mwa iwe, mwa ine.” Ana ankakuwa, kulimbirana mausi, ena n'kumadzitsina pamkono. Madzulo ankapita kwawo kukafotokoza.

Mwa onsewo munali mtsikana wina wa m'makomboni, nyumba za antchito a pa esiteti. Mayi ake ankathyola tiyi, bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono. Anali woonda, wa maso akuluakulu, wosachedwa kutsutsa. Anzake ankakonda kuzunguliritsa chinthucho mothamanga kuti aseke. Iye ankafuna kulemba yekha mawu aja, kusintha maliboni kukhala timipira, n'kudula pakati, ndipo nthawi zambiri ankatsalira anzake atapita. Tsiku lina anandifunsa, “Madamu, timipirati tathinana paliponse. Nanga mpweya umalowera pati kuti ukafike pa kachitsulo?” Ndinamuuza kuti limenelo si funso la pa mayeso, iye n'kundiseka poyera. Ndinkamukonda mwana ameneyo, ngakhale sankandisungira ulemu ndikazemba funso.

Sukulu zitatsekera ndinapita ku Dowa kukadya Khirisimasi. Pobwerera mu Januwale ndinapeza mvula ili pakati, tiyi ataphukira mpaka othyola kusowa popumira, ndipo dera lonse lili pa nkhani imodzi: anamapopa. Ankati kukuyenda anthu opopa magazi, amene amaboola denga, kufaira mankhwala ofoola, n'kulowetsa kapaipi munthu ali m'tulo. Ankati magaziwo akukasinthitsidwa ndi chimanga. Tinali titangotuluka mu njala ya 2002, ndipo anthu anali ataika maliro ambiri osamvetsa bwino chimene chikuwamaliza. M'midzi anasiya kugona m'nyumba, ankagona panja m'magulu. Pamsewu wochokera ku Luchenza anyamata anapingasa chipika, ndipo wanjinga amene anandinyamula anachita kundilumbirira kuti ndine mphunzitsi kuti tidutse. Ine ndinaseka. Ndinkaona ngati ndi nkhani ya anthu ena.

Kusekako kunatha msanga. Mayi amene ankandigulitsa ndiwo zamasamba pakhomo anayamba kulambalala nyumba yanga. Ndikapereka moni panjira anthu ankayankhira pansi, ena n'kusinthira ku Chilomwe ndikangodutsa. M'kalasi benchi yakutsogolo inkakhala yopanda munthu, ndipo mtsikana uja sanabwere sabata yonse yotsegulira.

Lachisanu ahedi anandiitana mu ofesi, natseka chitseko, chinthu chimene sankachita. Anali bambo wofatsa, wa komweko, woopa phokoso.

“Madamu, makina anu aja. Bwanji mutawabweza kaye ku Limbe?”

“Alakwa chiyani?”

Anapukuta magalasi awo. Kenako anandiuza kuti mtsikana uja anadwala malungo aakulu pa tchuthi. Ku kiliniki ya esiteti anati magazi amuthera, namutumiza kuchipatala chachikulu. Kumeneko anati afunika kuikidwa magazi, koma m'firiji munalibe, popeza anthu anali atasiya kupereka. Mwa nthawi zonse, zikatero abale ndi amene amatambasula mkono. Koma chaka chimenecho ndani akanalola singano yokoka magazi kumuyandikira? Abalewo anamutenga mwanayo n'kubwerera naye kunyumba.

“Ndiye akufunsa kuti magazi a mwanayo anapita kuti,” anatero ahedi. “Ana onse a Fomu 3 anauza makolo awo kuti kunyumba kwanu anaona magazi awo akuzungulira pa galasi. Ndipo amene ankachedwa kutuluka ndi yemweyo.”

Ndinapsa mtima. Mwana ali gone, akufa ndi chinthu chochizika, anthu akuluakulu ali kalikiliki kufufuza kompyuta yotola! Ndinati sindibweza kanthu ku Limbe, ndipo ndipita ndekha kukawauza za kuchipatala. Ahedi anandigwira mkono.

“Mukaponda m'makombonimo simutulukamo. Ndipatseni tsiku la mawa ndikalankhule ndi amalume ake.”

Kaya anakalankhula zotani, sindidziwa. Lamulungu, mapemphero atangotha, ndinamva mgugu wa anthu ukutsika ndi njira ya pakati pa tiyi. Sankaimba, sankakuwa, ankangoyenda. Ndinasuzumira pawindo. Ambiri anali m'zovala za kutchalitchi, amayi ndi mipango yawo yoyera, koma anyamata ena anali ndi zikwanje zodulira tiyi. Kutsogolo kunali njinga yokankha, ndipo pa kaliyala panali mtsikana uja, atamufunditsa chitenje, mayi ake atamugwirira kumsana kuti asagwe. Ndinaganiza zotulukira kuseri, koma kuseri kunali tiyi yekhayekha wolekeza m'chiuno, woti munthu akamathawamo amaonekera patali.

Amene anagogoda anali amalume ake a mtsikanayo, mwini mbumba, amenenso anali kapitawo wa othyola tiyi. Anavala jekete ndi tayi. Anavula chipewa, nandifunsa mmene ndadzukira, mmene ndinawasiyira kwathu, ngati mvula ikugwa ku Dowa. Ulemu umenewo unandiopsa kuposa zikwanje zija.

“Madamu, ifetu sitinabwerere ndewu ayi,” anatero. “Tingoona nawo makinawo.”

Analowa iwo, mayi a mwanayo, ndi ahedi amene anafika ali wefuwefu, mabatani a malaya atamanga mosemphanitsa. Mtsikanayo anamugoneka pa mkeka pabalaza pomwepo. Nditamuyang'ana ndinaiwala kaye za khamu lija. Milomo yake inali yotuwa, zikhatho zoyera mbee, ndipo mtsempha wa pakhosi unkagunda moonekera. Ankapuma mofulumira ngati wakwera phiri, chonsecho anangogona. Tanthauzo lake ndinkalidziwa, poti ndinkaliphunzitsa.

Ndinayatsa kompyuta. Inayamba kubuula kwake kuja, ndipo sindinaidepo ngati tsiku limenelo. Mawindo onse anadzaza nkhope mpaka m'nyumba munachita kamdima. Ndinagwira mausi, n'kuphonya kangapo ndisanatsegule pulogalamuyo. Inatseguka monga mmene ndinaisungira: chinthu chofiira psuu, chonenepa, chili pakati pa sikirini yakuda.

Mayi aja anakuwa, nagwira pakamwa. Panja mawu anayenda kuchoka pawindo kupita kwa akumbuyo: “Alimo! Alimodi!”

“Ndi chithunzi chabe, bambo,” ndinatero. “Muno mulibe madzi, mulibe magazi. Ndi manambala okhaokha. Taonani.” Ndinatsegula fayilo imene pulogalamuyo imawerenga. Mizere ya manambala inatsika pa sikirini, yosatha.

Amalume aja anawerama, nayang'ana mofatsa.

“Manambala ndawaona. Koma nambala sibwera yokha, madamu. Ife kumunda timalemba nambala dengu likakwera pa sikelo. Awa anayeza chiyani?”

“Anayeza puloteni ya m'magazi.”

“Magazi a ndani?”

Apa ndikanatha kunama. Ndikanati a ng'ombe, kapena kuti azungu anangopeka. Koma aphunzitsife tili ndi matenda athu: tikafunsidwa funso labwino timayankha tisanaganize.

“A munthu wina wakunja, kale kwambiri. Sindikumudziwa.”

“Anachita kumuchotsa?”

“Pang'ono chabe. Iye mwini atalola.”

Mawu oti “atalola” sanatuluke nawo pawindo. Chimene chinatuluka n'chakuti madamu avomera kuti m'makinamo muli magazi a munthu. Phokoso linakwera. Mwa mantha ndinachita chinthu chopusa kwambiri: ndinalemba mawu osintha mtundu, kuti aone kuti kufiirako ndinachita kupaka ndine. Chinthucho chinasanduka chobiriwira nthawi yomweyo.

“Akubisa!” anakuwa wina pawindo. “Wawabisa tikuona!”

Mwala unagwa pa malata, wina n'kutsatira. Ahedi anathamangira pakhomo, manja m'mwamba, akuitana anyamata aja mayina awo mmodzimmodzi, poti ambiri anawaphunzitsa okha.

Ndi pamene mtsikanayo analankhula, mawu ake akumveka ngati akuchokera kutali. “Amalume, ndi chithunzi. Inenso ndimatha kusintha mtunduwo.”

“Khala chete iwe,” anatero mayi ake akulira. “Mwamva eti? Mpaka anamuphunzitsa.”

Amalume aja anawongoka, akutembenuza chipewa m'manja. Mawu awo sanakwere.

“Madamu, anthu awa ine ndingathe kuwagwira pang'ono, koma osati mpaka madzulo. Ife za makina sitizidziwa, ndipo sitikufuna kuzidziwa. Mwanayu ankabwera kuno ali ndi magazi, lero alibe. Bwezani magazi a mwana. Mukabweza tibwerera kwathu, nkhani yatha.”

Ndinali ndi mayankho ambiri, onse oona. Ndikanafotokoza za malungo, mmene tizilombo take timaswera maselo a magazi. Ndikanafotokoza za njala, ndi zoti kompyuta ilibe ngakhale kabowo koti dontho lilowerepo. Phunziro limenelo likanatenga tsiku lonse, ndipo mwina likanapita pachabe. Ndinayang'ana mtsempha uja pakhosi pa mwanayo. Iye analibe tsiku lonse. Ndipo ndinkadziwa kuchokera ku koleji kuti magazi anga ndi a gulu lija loti angaikidwe mwa munthu wina aliyense.

“Chabwino,” ndinatero. “Ndibweza.”

Ahedi anatembenuka pakhomo paja. “Madamu, mukudziwa chimene mukunena?”

Ndinkadziwa. Kunena kuti ndibweza kunali kunena kuti ndinatenga. Ndinali nditavomera mlandu pamaso pa anthu onsewo, ndipo panalibe tsiku limene ndikanadzaufufuta. Zinandiwawa mpaka m'mafupa, koma ndinapitiriza.

“Koma sabwezedwa pano. Pano ndilibe zida zake. Tipite kuchipatala.”

“Kuchipatala n'komwe akufuna kutipopa ife,” anatero mayi aja.

“Inu palibe amene akukhudzeni. Singano ilowa mwa ine. Amalume aime pomwepo azionerera, kuyambira pamene magazi akutuluka mwa ine mpaka pamene akulowa mwa mwana.”

Amalumewo ndi mlongo wawo analankhulana m'Chilomwe motsitsa mawu, ine ndikungoyang'ana milomo yawo, osatolapo kanthu. Mmene magazi a m'makina akanatulukira pa mkono wanga palibe anafunsa. Kwa iwo ine ndi makinawo tinali chinthu chimodzi. Kenako bamboyo anavala chipewa, natuluka kukauza anthu. Anyamata ena ankafuna kuswa kompyuta, koma iwo anakana: mwina muli magazi a ana ena, ndiye akatayikira pansi adzawatola ndani? Choncho inanyamulidwa mosamala kwambiri, anthu anayi kugwirizira, n'kukatsekeredwa mu ofesi ya ahedi. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanaseka.

Ahedi anatuma wanjinga ku Luchenza kwa bambo wina wachisilamu wa golosale, amene pikapu yake inkayenda ngakhale Lamulungu. Itafika, ndinayenera kudutsa pakati pa khamu lija kuti ndikakwere. Anandipatukira, koma wina anandilavulira pa nsapato, ndipo ndinamuzindikira: mayi amene mwana wake ndinavutika naye mpaka anakhoza mayeso a Fomu 2. Mtsikanayo tinamugoneka kumbuyo, mutu wake pa miyendo ya mayi ake. Ine ndinakhalira tayala la sipeya, amalume pafupi nane, bondo lawo likugunda langa pa bampu iliyonse. Mvula inayamba kuwaza. Msewu wa m'minda unali woterera, ndipo pena galimoto inkayenda chammbali. Pa chipika chija anyamata anatiimitsa, koma ataona kapitawo anachikoka okha. Njira yonse ndinkayang'ana chifuwa cha mwanayo kuti ndione ngati chikukwerabe.

Kuchipatala tinapeza dokotala wachinyamata, wotopa, amene anamukumbukira mwanayo. Atatsitsa chikope chake n'kuona mmene munayerera sanafunsenso zambiri. Anandilozera ku labu. Kumeneko ndi kumene mantha ena, amene ndinali nditawaiwala m'chipwirikiti chija, anandipeza. Magazi saikidwa mwa munthu asanayezedwe. Ine ndinali ndisanayezetsepo kachilombo, ndipo mwamuna amene ndinali naye pa chibwenzi ku koleji ndinali nditamva kuti akudwaladwala. Zaka zonsezo ndinkazengereza dala. Tsopano ananditenga magazi pang'ono n'kundiuza kuti ndidikire pa benchi. Akanati anga ndi osayenera, mwanayo akanatsala wopanda chomupulumutsa, ndipo ine ndikanawauza chiyani anthu aja? Kuti ndasintha maganizo? Ndinakhala pamenepo, amalume ali chiimire pakhomo la labu ngati mlonda.

Wa mu labuyo atatuluka anangoti, “Bwerani, mugone apa.” Sindinamvepo mawu okoma ngati amenewo.

Amalumewo analowa nawo. Wa mu labu anafuna kuwatulutsa, ine ndinamupempha kuti awasiye. Singano italowa, kapaipi kanafiira, thumba n'kuyamba kufufuma. Bamboyo anaima chapatali, chipewa pachifuwa, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. Chimene dera lonse linkathawa kugona m'nyumba chinali pamaso pawo: kapaipi, thumba, magazi a munthu akutuluka. Sanachotse maso.

“Onsewa ndi ake?” anafunsa thumba litadzaza.

Wa mu labu anandiyang'ana modabwa. Ine ndinayang'ana kudenga. “Ndi ake,” ndinatero.

Analitsatira thumbalo khonde lonse mpaka ku wodi, naona likupachikidwa, naona dontho loyamba likutsika. Ine ndinatsala pa benchi, mutu ukuzungulira, ndikumwa tiyi wa shuga wambiri amene namwino wina anandipatsa.

Mwanayo anachira. Anamupatsa mankhwala a malungo ndi owonjezera magazi, ndipo patapita masiku anatuluka akuyenda yekha. Dokotala uja, atamva nkhani yonse kwa ahedi, anayesa kuwafotokozera abalewo kuti magaziwo anali anga obadwa nawo, ndipo kuti mwa iwo omwe mukanapezeka woti n'kupereka. Iwo anamvetsera mwaulemu, nathokoza. Koma anali ataona ndi maso awo: madamu anati abweza, anabweza, mwana n'kudzuka. Umboni woposa pamenepo ukanachokera kuti?

Palibe anaponyanso mwala pa malata anga. Palibenso anandipatsa moni. Mphekesera za anamapopa zinazilala mvula isanathe, anthu n'kubwerera kukagona m'nyumba, koma yanga inatsala, poti inali ndi mboni. Makolo ena anauza ana awo kuti ikafika piriyodi ya bayoloje azituluka. Mtsikana uja anamusamutsira kwa achibale ku Chimaliro ndisanaonane naye. Ndinamva kuti ankakangana ndi aliyense za ine mpaka amalume ake anamuletsa kutchula nkhaniyo. Kompyuta inakhalabe mu ofesi ya ahedi, itafunditsidwa nsalu ya patebulo, ndipo osesa ankasesa moilambalala. Teremu isanathe ndinapempha kusamutsidwa, ndipo ahedi sanandikanize.

Ndikanati ndibwerere ku Lamulungu limenelo, ndikananena mawu omwewo. Koma asandinamize munthu kuti kuchita bwino kumakoma. Malo amenewo ndinkawakonda, ana aja ndinkawakonda, ndipo ndinachokako ndi mbiri ya namapopa. Mpaka lero ndikakumbuka ndimapsa mtima.

M'mawa wa tsiku losamuka, katundu ali panja, lole itangofika, ndinaona mayi a mtsikana uja akubwera, dengu lothyolera tiyi lili kumsana, ali pa ulendo wa kuntchito. Sanafike pakhonde. Anagwada chapatali pa udzu wonyowa, natulutsa phava la nthochi m'dengumo, n'kulikankhira kutsogolo.

“Madamu, ndamva kuti mukupita. Ndati ndisakhale ngati wosayamika. Mwana ali bwino, wanenepa, akupita kusukulu.”

“Ndakondwa kumva zimenezo, mayi.”

“Ena akatenga sabweza. Inu munatimvera chisoni. Mulungu akudalitseni.” Anayang'ana pansi. “Komatu pali mnzanga wina kukomboni kwathu. Mwana wake nayenso ankabwera kuno. Masiku ano akungofooka, m'maso mwayera, akamayenda pang'ono akumapumira m'mwamba. Kuchipatala akukana kupita naye. Mayi akewo akuopa kubwera okha, ndiye andituma ine. Akuti musanakwere galimoto, ngati magazi ake aliponso, muwakumbukire.”

Ndinafuna kukuwa kuti sindinatengepo dontho la munthu, kuti mwana wawo akuyenda ndi magazi anga, a ku Dowa, amene anandipatsa mayi anga. Dalaivala wa lole anali atayamba kale kumanga zingwe. Mayiyo anali chigwadire, mawondo atanyowa, akudikira.

“Alipo,” ndinatero. “Kawauzeni amutenge mwanayo. Tikakumane kuchipatala.”